Chibadwa cha Ophunzira ndi Chiopsezo cha Kudzipha

Aphunzitsi anzanga, taganizirani kalasi ya ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania. Ana awiri abere limodzi alephera mayeso a Fomu 4. Wina mawa lake ali kale kunyanja kuthandiza kuyanika usipa, akuseka. Mnzakeyo wadzitsekera m'nyumba, sakudya. Kusiyanaku kukuchokera kuti? M'gawo lino muona mbali ya chibadwa pa nkhaniyi ndi zimene inu, mphunzitsi wa chiyankhulo, mungachite.

Zimene mwana amabadwa nazo

Kuyambira 1956, Alexander Thomas ndi Stella Chess anatsata ana ku New York kuchokera ali makanda. Anapeza kuti ena amazolowera zachilendo msanga, ena amachedwa, ena savuta kukwiya. Kafukufuku wa mapasa, monga wa Thomas Bouchard ku Minnesota woyamba mu 1979, akusonyeza kuti pafupifupi theka la kusiyana kwa khalidwe pakati pa anthu limachokera ku zotengera kwa makolo. Chenjerani ndi mawu akuti "majini": mabuku ena a sayansi amatchula zotengerazi motero, koma kwa mwana wodziwa Chiswahili majini ndi mizimu. Nenani kuti "zotengera kwa makolo".

Dziwaninso kuti mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. N'chifukwa chake wachinyamata angachite mopupuluma chinthu choopsa pa vuto loti likanatha.

Chibadwa si chiweruzo

Palibe mwana wobadwira kuti adzadziphe. Chibadwa chimangochititsa ena kumva ululu wa mumtima kwambiri kapena kupupuluma. Chiopsezo chimakula zikaphatikizana ndi zina: matenda a kukhumudwa, mowa ndi chamba, nkhanza, mimba yosayembekezera, imfa ya kholo, manyazi a kulephera mayeso, wachibale amene anadzipha, komanso makamaka ngati mwanayo anayesapo kale. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu oposa 700,000 anadzipha padziko lonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo.

Mwayi umene inu muli nawo

Inu mumawerenga zimangirizo ndi makalata a ophunzira, kumene mwana amalemba zimene sanganene pakamwa. Koma mwana wa m'mbali mwa nyanja kuno amayankhula Chinyasa, Chimpoto kapena Chimatengo kwawo, amaphunzira m'Chiswahili kupulayimale, kenako m'Chingerezi kusekondale. Zowawa za mumtima sizituluka bwino m'chiyankhulo cha mayeso. Mukacheza naye, mloleni ayankhule chakwawo.

Tcherani khutu ku mawu monga "ndine mtolo kwa amayi" kapena "posachedwa mupuma nane". Onaninso wophunzira amene wayamba kudzipatula, kujomba kapena kugawa zinthu zake.

Mukaona zotere, musalembe ndemanga ndi cholembera chofiira. Muitanireni pambali ndipo mfunseni mosazungulira: "Mwanawe, kodi umaganiza zodzipha?" Funsoli silimuika maganizowo m'mutu, nthawi zambiri limampeputsa. Mverani osadzudzula kapena kumuopseza. Musalonjeze kusunga chinsinsi, ndipo ngati chiopsezo chili pafupi musamusiye yekha. Dziwitsani aphunzitsi aakulu ndi kholo lodalirika, pemphani kuti mankhwala a mbewu atsekeredwe, ndipo mperekezeni kuchipatala. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana imagwira ntchito ku Tanzania, Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Ntchito

Lembani mawu asanu a m'chiyankhulo cha ophunzira anu amene munthu wotaya mtima amagwiritsa ntchito. Kenako lembani dzina la chipatala chapafupi ndi munthu wa pasukulu panu amene mungathamangireko lero lomwe.