Sefa ya madzi a nsomba zoweta m'nyumba

Ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa timazidziwa mbuna. Ndi nsomba zazing'ono zija za mawanga zimene zimakhala m'miyala n'kumadya ndere. Kwathu kuno sitiziwerengera kwenikweni. Koma ku Ulaya, ku America ndi ku Japan anthu amazigula ndi ndalama zambiri. Sazidya ayi. Amaziweta m'nyumba, m'thanki ya galasi, kuti azingoziyang'ana. Mtundu wina amaugulitsa ndi dzina loti Cobue, dzina la mudzi wathu wa kunyanja. Matanki otere aliko ndi m'mizinda yathu ikuluikulu, ndipo wina wa ife akapeza ntchito kumeneko angathe kupatsidwa nsombazo kuti azizisamala.

Nyanja ndi yaikulu. Nsomba ikachita chimbudzi, zonyansazo zimasowera m'madzi ambiri. M'thanki si choncho. Thanki yaikulu ya m'nyumba imalowa malita 400, ndiye kuti zigubu 20 za malita 20. Nsomba zimadyera momwemo, zimadzithandizira momwemo, zimapumira momwemo. M'makha mwake mumatuluka poizoni wotchedwa amoniya. Zakudya zotsala zikawola zimatulutsanso amoniya. Poizoniyu alibe mtundu. Madzi angathe kuoneka oyera mbee, nsomba zili kufa. Zimaleka kudya, zimapinda zipsepse, zimakwera pamwamba n'kumapuma movutika. Ndiye chifukwa chake thanki iyenera kukhala ndi sefa.

Sefa ndi chiwiya chokhala ndi pampu ya magetsi. Pampu imakoka madzi m'thanki, imawadutsitsa m'siponji ndi m'timiyala ta mabowomabowo, kenaka imawabwezera m'thanki. Ntchito yoyamba ya sefa tonse tikuidziwa, chifukwa amayi akamasefa ufa gaga amatsala pamwamba. Siponji nayo imagwira zinyalala.

Ntchito yachiwiri ndiyo yaikulu, ngakhale sioneka ndi maso. Pa siponji ndi pa timiyala tija pamakhala tizilombo tating'onoting'ono totchedwa mabakiteriya. Si aja odwalitsa kolera ayi. Awa chakudya chawo ndi amoniya. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amene nayenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene savulaza nsomba akakhala wochepa. Naitiretiyu timamuchepetsa ndi manja athu. Sabata iliyonse timatunga gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi a m'thanki n'kuthiramo ena.

Sefa yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira. Amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti aswane. Munthu wopupuluma, amene athira nsomba 30 tsiku loyamba lomwelo, sabata isanathe amayamba kuwola zakufa. Tiyambe ndi nsomba zochepa, tiziwonjezera pang'onopang'ono.

Nanga sefa yokwanira tiidziwa bwanji? Apa masamu amene tikuphunzira atithandiza. Oweta nsomba amati madzi onse a m'thanki azidutsa m'sefa ka 4 mpaka ka 6 pa ola limodzi. Thanki ya malita 400 ifuna sefa yopopa malita 1,600 mpaka 2,400 pa ola. Nambala imeneyi imalembedwa pa katoni. Koma tichenjere nayo, chifukwa kawirikawiri amaiyesa m'sefa mulibe kanthu. Tikaikamo siponji ndi timiyala, zinyalala n'kuyamba kudzaza, madzi amayenda pang'ono. Mbuna zimadya kwambiri, ndiponso anthu amaziweta zambiri pamodzi kuti yandewu isamangozunza imodzimodzi. Choncho kwa mbuna tisankhe nambala ya pamwamba. Tiyang'anenso m'kati mwa sefa. Pampu yamphamvu pa kachiwiya kakang'ono sithandiza, chifukwa mabakiteriya amasowa pokhala.

Tsopano za phokoso. Sefa sizimitsidwa, imagwira ntchito usana ndi usiku. Ikakhala yosokosa, mwini nyumba amatopa nayo n'kuithimitsa pogona. Limenelo ndi tsoka la nsomba, chifukwa mabakiteriya nawo amafuna mpweya wobwera ndi madzi oyenda.

Sefa yotsika mtengo ndi siponji yoikidwa m'madzi, yoyendetsedwa ndi kapampu kouzira mpweya. Imagwira ntchito ndithu, koma kapampuko kamalira ngati njuchi ndipo madzi amangoti bwatabwata usiku wonse. Ina imakolekedwa kukhoma la thanki. Madzi ake amagwa ngati kamathithi, ndipo a m'thanki akatsika phokoso limakula. Pa thanki ya malita 400 imodzi yokha imachepa.

Ife tikuona kuti yoyenera thanki yaikulu ndi sefa yonga chigubu chotseka, imene imakhala pansi m'kabati. Payipi imodzi imatsitsa madzi, ina imawakweza. Muli malo ambiri a siponji ndi timiyala, ndipo kulira kwake kumathera m'kabatimo. Mtengo wake ndi wokwera, zimenezo sitibisa. Amene angathe agule ziwiri zapakati, osati imodzi yaikulu. Ina ikafa, inayo imasunga nsomba.

Sefa yabwino ikayamba kusokosa, pali chimene chalakwika. Kawirikawiri ndi mchenga. Mbuna zimakonda kukumba, zimanyamula mchenga m'kamwa n'kukaulavula pena. Payipi yokoka madzi ikakhala pansi penipeni, mchengawo umalowa n'kumakhulana ndi kapini kozungulira ka m'pampu. Tiikweze payipiyo pang'ono, tiiveke kasiponji kukamwa kwake. Nthawi zina ndi mpweya wotsekeredwa m'kati. Tikapendeka sefa pang'ono, mpweyawo umatuluka. Ikamanjenjemera pa thabwa, tiyale kachidutswa ka labala pansi pake. Payipi yobwezera madzi ikhale m'munsi pang'ono mwa nkhope ya madzi, kuti pamwamba pazigwedezeka koma madzi asagwe. Kugwedezeka kumeneko ndiko kumalowetsa mpweya.

Potsuka siponji tisagwiritse ntchito sopo, ngakhale madzi a pampopi wa mumzinda, chifukwa muli klorini wopha mabakiteriya. Titunge madzi a m'thanki momwemo m'ndowa, tifinyiremo siponjiyo kangapo, basi. Isachite kuyera. Ngati masefa ali awiri, tisawatsuke tsiku limodzi.

Magetsi akazima kwa maola ambiri, madzi otsekeredwa m'chigubu chija amavunda. Tisawalole kulowa m'thanki. Tiyambe tatsegula sefa ndi kuwataya, ndipo kwa masiku angapo nsomba tizizipatsa chakudya chochepa.

Tsopano titenge kope ndi pensulo. Mnzathu wapatsidwa thanki yolowa zigubu 15 za malita 20. Kodi ndi malita angati? Nanga agule sefa yopopa malita angati pa ola, ngati akufuna kuwetamo mbuna?