MUVI WA NTHAWI: CHIFUKWA CHAKE DZULO SILIBWERERA

Makolo athu adati madzi akatayika saoleka. Mwambi umenewu timaunena potonthoza munthu amene walakwitsa chinthu chosakonzeka, koma m'kati mwake muli funso lalikulu limene lazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zoposa 150. Kodi n'chifukwa chiyani madziwo saoleka? Dzira likasweka silibwerera m'chigoba chake, ndipo nkhuni zikapsa phulusa silisandukanso mtengo. Munthu angathe kulowera kum'mawa nabwerera kumadzulo, kukwera phiri natsikanso, koma m'nthawi tonsefe timayenda njira imodzi, kuchokera kudzulo kulinga kumawa. Mwezi uno tifuna kukambirana nanu, awerengi athu, zimene akatswiri a sayansi adapeza pa nkhaniyi. Sipafunika masamu ovuta. Nyemba, makobidi ndi kapu ya tiyi zitikwanira.

MALAMULO OSADZIWA DZULO NDI MAWA

M'chaka cha 1687 Isaac Newton wa ku England adasindikiza malamulo ofotokoza kayendedwe ka zinthu, kuyambira mwala woponyedwa kufikira mwezi. Bwenzi lake Edmond Halley adagwiritsa ntchito malamulowo pofufuza nyenyezi ya mchira imene idaoneka mu 1682. Adazindikira kuti ndi yomweyo idaonekanso mu 1607 ndi mu 1531, ndipo adalosera kuti idzabwera cha mu 1758. Idabweradi, iye atamwalira kale. Akuluakulu ena pakati pathu adaiona mu 1986, ndipo ana athu adzaiona mu 2061.

Taonani chodabwitsa chake: masamu amene amatiuza kumene nyenyeziyo idzakhala ndi omwewo amatiuza kumene idali. Malamulowo sasamala ngati nthawi ikupita m'tsogolo kapena m'mbuyo. Munthu atajambula kanema wa mipira iwiri ikugundana, nationetsa kanemayo chobwerera, sitingazindikire kuti watipusitsa. Malamulo amene adapezeka pambuyo pake, a magetsi ndi kuwala, a Albert Einstein, ndi a maatomu, nawonso ali chimodzimodzi. Kupatuka kochepa kudapezeka mu 1964, pamene James Cronin ndi Val Fitch ankafufuza tizidutswa tosakhalitsa totchedwa kaon ku Brookhaven m'dziko la America, koma kupatukako sikukhudza konse za dzira kapena phulusa.

Tsono tijambule mtsuko ukugwa pamutu pa mtsikana nusweka. Kanema ameneyo akaonetsedwa chobwerera, mapale akudumpha pansi nalumikizana, madzi akuvuuka m'dothi nalowa mumtsuko, ngakhale kamwana kadzaseka. Komatu mtsuko ndi madzi n'zopangidwa ndi maatomu, ndipo atomu iliyonse imamvera malamulo osadziwa dzulo ndi mawa aja. Nanga kusabwereraku kukuchokera kuti? Apa ndi pamene pagona nkhani.

PHUNZIRO LA INJINI ZA NTHUNZI

Yankho lidayambira kwa anthu amene ankafuna kupulumutsa malasha. Mu 1824 mnyamata wa ku France, Sadi Carnot, adaonetsa kuti injini ya nthunzi imagwira ntchito pokhapokha pali malo otentha ndi malo ozizira, monga momwe madzi amatembenuzira gudumu pokhapokha akutsika. Pambuyo pake Rudolf Clausius wa ku Germany adalimbitsa mfundoyi ndi lamulo lakuti kutentha sikuchoka kokha ku chinthu chozizira kupita ku chinthu chotentha. Tiyi wosiyidwa patebulo amazizira kufikira atalingana ndi mpweya wa m'nyumba, koma sitidaonepo tiyi wozizira akuyamwa kutentha kwa m'nyumba nayamba kuwira.

Kutentha kumene kwachoka m'kapumo sikudatayike. Kulipo ndithu, m'tebulo, m'mpweya ndi m'makoma, koma kwabalalika kotero kuti sikungaphikenso kanthu. Mu 1865 Clausius adapeza njira yoyezera kubalalikaku, nakutcha entropy, dzina lochokera ku liwu la Chigriki lotanthauza kusandulika. Lamulo lake likuti pa malo alionse otsekedwa, osalandira kanthu kuchokera kunja, entropy imachuluka kapena kukhala momwemo, koma siichepa. Ili ndi lamulo lalikulu limene limasiyanitsa dzulo ndi mawa. N'chifukwa chake katswiri wa nyenyezi Arthur Eddington, pophunzitsa ku Edinburgh mu 1927, adati nthawi ili ndi muvi, ndipo nsonga ya muviwo imaloza kumene entropy ikuchuluka.

BOLTZMANN AWERENGA NJIRA

Clausius adanena zimene zimachitika, koma amene adafotokoza chifukwa chake ndi Ludwig Boltzmann, wobadwira ku Vienna mu 1844. Kuti timumve bwino, tithire nyemba zoyera mbali ina ya lichero ndi zofiira mbali inayo, kenaka tigwedeze. Posakhalitsa zasakanikirana. Tigwedezebe tsiku lonse, sizidzapatukananso. Palibe lamulo loletsa nyemba yofiira kubwerera kumene idali, ndipo ina imabwereradi. Koma njira zimene nyemba zingakhalire zosakanikirana n'zochuluka kopambana, pamene njira zokhalira zopatukana n'zowerengeka.

Tiyese ndi makobidi. Tikaponya makobidi 10, angathe kugwa m'njira 1,024. Mwa njira zonsezi, imodzi yokha ndiyo imaonetsa mitu yokhayokha, pamene njira 252 zimaonetsa mitu isanu. Choncho munthu wopirira angathe kuona mitu khumi tsiku lina. Koma makobidi akakhala 100, chiwerengero cha njira chimakhala nambala ya manambala 31 kutalika kwake, kotero kuti ngakhale munthu akadaponya kamodzi pa sekondi iliyonse chiyambire chilengedwe, sakadayembekeza kuona mitu yokhayokha. Tsono m'kapu imodzi ya tiyi muli tizidutswa ta madzi tokwana pafupifupi 8 wotsatidwa ndi maziro 24, tonse tili piringupiringu kugundana. Shuga akasungunuka m'menemo, mwayi wakuti adzasonkhananso pasupuni ndi wochepa koposa umene mutu wa munthu ungaganizire.

Boltzmann adatsutsidwa. Mu 1876 mnzake Josef Loschmidt adati: titatembenuza kayendedwe ka atomu iliyonse, zonse zingabwerere monga kanema uja, ndipo palibe lamulo la Newton lingathyoledwe, nanga mungati bwanji entropy siingachepe? Funsoli lidali loona, ndipo Boltzmann sadalizembe. Mu 1877 adayankha kuti entropy ndi kuwerenga njira basi, ndi kuti kubwererako n'kotheka, koma mwayi wake ndi wochepa kotero kuti sitidzakuona. Zimenezi zidatsimikizika mu 2002, pamene akatswiri a ku Australian National University ku Canberra ankayang'anitsitsa kamkanda kakang'onong'ono koyandama m'madzi, naona kuti kwa kamphindi kochepa entropy imatha kuchepa. Pa tinthu tating'ono muvi umagwedera. Pa zinthu zazikulu ngati mtsuko, suphonya.

Masiku a Boltzmann akatswiri ena otchuka sankakhulupirira n'komwe kuti maatomu alipo. Iye adavutika nthawi yaitali ndi matenda a maganizo, ndipo adadzipha mu 1906 ku Duino, pafupi ndi Trieste. Patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, Jean Perrin wa ku Paris, potsata masamu amene Einstein adalemba mu 1905, adaonetsa poyera kuti maatomu alipodi. Pamanda a Boltzmann ku Vienna padalembedwa kamzere kamodzi ka masamu, S = k log W, kotanthauza kuti entropy imayezedwa ndi kuchuluka kwa njira.

NANGA CHIMANGA CHIMAKULA BWANJI?

Wina adzafunsa kuti, ngati zonse zikubalalika, bwanji njere imasanduka phesi lokhala ndi ngala ndi zisononkho, ndipo mwana amakula ndi ziwalo zolongosoka? Tikumbukire kuti lamulo lija likunena za malo otsekedwa. Firiji imasandutsa madzi kukhala ayezi, koma gwirani kumbuyo kwake, mudzamva kutentha kumene ikutaya. Dongosolo la m'kati lalipiridwa ndi kubalalika kokulirapo kunja.

Dziko lathu nalo si lotsekedwa. Limalandira kuwala kuchokera ku dzuwa, limene pamwamba pake mpotentha pafupifupi madigiri 5,500, ndipo limabweza kuthambo mphamvu pafupifupi yofanana ndi imene lalandira. Kusiyana kuli pa mtundu wake. Kuwala kumayenda m'timitolo. Pa kamtolo kamodzi kamphamvu kochokera kudzuwa, dziko limabweza timitolo tofooka pafupifupi 20, ta kuwala kosaoneka ndi maso, konga kutentha kumene timamva pakhoma la njerwa dzuwa litalowa. Pakati pa kulandira ndi kubwezaku mpamene pamachitikira zonse zimene timazidziwa: mvula, mphepo, mitsinje, masamba obiriwira ndi nsima ya pambale. Erwin Schrödinger adafotokoza m'buku lake la 1944, What Is Life?, kuti chamoyo chimadzisunga mwa kudya zolongosoka ndi kutaya zobalalika. Chikaleka kutero chafa, ndipo thupi limabwerera kufumbi.

KUMENE MUVI UDAPONYEDWA

Patsala mfundo imodzi imene Boltzmann mwiniwake adaiona. Nyemba zimasakanikirana chifukwa wina adayamba wazipatula. Ngati entropy ikuchuluka lero, ndiye kuti dzulo idali yochepa, dzana yochepa koposa. Titsate phazi limeneli: moto wa pamafuwa udachokera ku nkhuni, nkhuni ku mtengo, mtengo ku dzuwa, ndipo dzuwa lidaumbika kuchokera ku mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi zaka 4.6 biliyoni zapitazo. Nanga mtambowo?

Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium amenenso adali katswiri wa masamu, adaonetsa kuti chilengedwe chikufutukuka, ndipo mu 1929 Edwin Hubble adalengeza miyeso yosonyeza kuti milalang'amba yakutali ikutithawa. Pobwerera m'mbuyo, akatswiri amapeza kuti zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo zonse zidali zothinana ndi zotentha koopsa. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku New Jersey adalengeza kuti amva kamphekesera kochokera mbali zonse za thambo. Kadali kuwala kotsalira kwa nthawi imene chilengedwe chidali ndi zaka pafupifupi 380,000, kumene tsopano kwazizira kufika madigiri 270 kunsi kwa ziro. Mu 1992 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa COBE chidapeza kuti kuwalako kumasiyana mbali ndi mbali ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100,000. Chilengedwe chidayamba chosalala ngati phala lopanda mibulu.

Poyamba zimenezi zimaoneka ngati zikutsutsa nkhani yathu, pakuti tanena kuti chosakanikirana bwino ndicho cha entropy yambiri. Koma Roger Penrose wa ku Oxford adatsindika kuti pamene pali zinthu zochuluka zedi, mphamvu yokoka imatembenuza nkhani. Utsi wa m'khitchini umabalalika, koma mpweya wodzaza thambo umakokana nuunjikana, kusanduka nyenyezi, ndipo zina mwa nyenyezizo zimatsirizira m'maenje akuda amene ngakhale kuwala sikutulukamo. Kwa mphamvu yokoka, kusalala kuli ngati madzi osungidwa pamwamba pa phiri, asanayambe kutsika. Chiyambire pamenepo madziwo akutsika, ndipo dzira losweka m'khitchini mwathu ndi kadontho ka mtsinje womwewo. Chifukwa chimene chilengedwe chidayambira cholongosoka chotero ndi funso limene akatswiri akali kulimbana nalo.

PHAZI LA PAMCHENGA

Muvi womwewu ndiwo umatichititsa kukumbukira dzulo osati mawa. Tikaona phazi pamchenga timadziwa kuti padutsa munthu, pakuti mphepo imafufuta mapazi koma siiumba phazi la zala zisanu. Chipsera, chithunzi, kalata ndi chikumbukiro cha m'mutu zonse ndi mapazi otere, ndipo lililonse lidadindidwa pamene mphamvu ina inkabalalika. Mawa alibe mapazi chifukwa palibe chimene chapondapo.

Amene amawerenga Chingerezi ndipo afuna kupitirira nayo nkhaniyi adzapeza mutu womveka bwino wa kusiyana kwa zakale ndi zam'tsogolo m'buku la Richard Feynman la 1965, The Character of Physical Law. Stephen Hawking nayenso adapatula mutu wathunthu wa muvi wa nthawi m'buku lake la 1988, A Brief History of Time, ndipo mwana wa sukulu ya sekondale angathe kuumva.

Mu 1852 William Thomson wa ku Glasgow, amene pambuyo pake adatchedwa Lord Kelvin, adalemba kuti mphamvu ya m'chilengedwe ikumka nibalalika. Zimenezi zisatichititse mantha, pakuti dzuwa likali ndi zaka pafupifupi 5 biliyoni zakuwala. Chimene chikutikhudza chili pafupi. Njira zowonongera chinthu n'zambiri, njira zochimangira n'zochepa, ndipo n'chifukwa chake kumanga kumafuna thukuta pamene kugumuka kumadzichitikira kokha. Mtengo wa zaka makumi atatu umasanduka makala m'masiku ochepa, ndipo palibe mmisiri angaubweze. Chonde cha m'munda chikakokoloka ndi mvula sichikwera phiri kubwerera pamzere. Nyumba yosazira imang'ambika, munda wosapalira umamera tchire, ndipo ubale wosayenderana umazirala monga tiyi uja.

Tsono mwana akadzatifunsa chifukwa chake dzira losweka silibwerera, tisamuthamangitse. Titenge lichero, nyemba zoyera ndi zofiira, timuuze agwedeze, kenaka timupemphe azipatule yekha imodziimodzi. Adzaona kuti kusakaniza kwatenga kamphindi, koma kupatula kwamudyera madzulo onse.