Nthawi ndi Njira Yowokera Mbande za Ndiwo Zamasamba Zofesedwa M'zidebe

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kumene malo olima ndi ochepa, mabanja ambiri amafesa tomato, kabichi, repu ndi mpiru m'zidebe zakutha, m'mabotolo odula pakati ndi m'machubu. Mbande zambiri zimafa kapena kupinimbira zisanafike pokolola, ndipo mwini wake amathamangira kudandaula za mbewu imene anagula pamene vuto lenileni linachitika pa tsiku lowokera. Kuwokera ndiko kuchotsa mbande pamene inamera n'kuibzala pena pamene mizu yake ingatambasuke, kaya m'chidebe chokulirapo kapena pabedi, ndipo ntchito yonseyi imayenda bwino kapena kulephereka malinga ndi mmene mizu yasamalidwira.

Nthawi yoyenera imadziwika poyang'ana mbandeyo, osati kalendala yokha. Timasamba tiwiri toyamba kutuluka si masamba enieni, chifukwa timachokera m'njere momwemo ndipo ntchito yake ndi kudyetsa kambewuko mpaka kadzayambe kudzipangira chakudya. Masamba enieni ndi amene amabwera pambuyo pake, okhala ndi maonekedwe a mbewuyo, monga okhakhala ndi odukaduka a tomato. Mbande zofesedwa mothithikana zikatulutsa masamba enieni awiri mpaka anayi, yafika nthawi yoti iliyonse ipatsidwe chubu kapena kachidebe kakekake. Tomato ndi kabichi amakhala okonzeka kupita pamalo ake okhazikika patatha masabata 4 mpaka 6 chifesereni, atatalika masentimita 10 mpaka 15, pamene anyezi amafuna masabata 6 mpaka 8, kufikira tsinde lake litayandikira kunenepa kwa pensulo.

Chizindikiro china chili pansi pa chidebe. Mizu ikayamba kutulukira m'mabowo a chidebe, kapena dothi likamauma patangopita maola ochepa chithirireni, ndiye kuti malo atha. Mbande yochedwa kuchotsedwa imakulunga mizu yake mozungulira m'mbali mwa chidebe, ndipo ngakhale itadzabzalidwa pa nthaka yachonde imachedwa kugwira, chifukwa mizuyo imapitiriza kuzungulira m'malo molowa m'dothi latsopano. Kuthithikana kumachititsanso kuti mbande zilimbirane kuwala n'kutalika monyozoloka, komanso kumasunga chinyezi chimene chimakopa tizilombo ta mtundu wa nkhungu tokhala m'dothi, timene timaoletsa tsinde pamalo pamene lakhudzana ndi nthaka mpaka mbande kugwa.

Gawo la mbande limene limanyalanyazidwa kwambiri, pamene ndilo lofunika koposa, ndi la timizu tating'onoting'ono tonga ubweya tomwe timamera pafupi ndi nsonga za mizu. Timeneti ndi timene timayamwa madzi ambiri, ndipo timaduka kapena kuuma m'kanthawi kochepa tikangokhala pamtunda, n'chifukwa chake mbande yozulidwa mwankhanza imafota ngakhale dothi lili lonyowa. Pofuna kutiteteza, chidebe chimathiriridwa maola angapo ntchito isanayambe kuti dothi ligwirane ndi mizu, kenako mbande imatukulidwa ndi kamtengo kapena supuni pamodzi ndi dothi lake. Yomwe ili m'chubu imatulutsidwa pong'amba chubucho kapena pochitembenuza, tsinde lili pakati pa zala ziwiri. Mbande yaing'ono imagwiridwa pa tsamba, pakuti tsamba likathothoka lina limaphuka, koma tsinde likatswanyika mbewu yatha.

Kuya kwa dzenje kumasiyana ndi mtundu wa mbewu. Tomato akhoza kukwiriridwa mpaka pafupi ndi masamba apansi, popeza tsinde lake limatulutsa mizu yatsopano pamene lakhudza dothi, koma kabichi, repu ndi letesi siziyenera kukwiriridwa nsonga imene masamba atsopano amatulukira. Chidebe chatsopano chikhale ndi mabowo pansi, ndipo tomato mmodzi amafuna cha malita pafupifupi 20. Dothi labwino ndi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana ndi mchenga pang'ono. Manyowa aawisi amawotcha mizu, ndipo dothi lochokera pamene panali tomato kapena fodya nthawi zambiri limakhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu.

Mbande zokulira pamthunzi ziyenera kukhwimitsidwa kaye, kutanthauza kuzizolowetsa dzuwa ndi mphepo pang'onopang'ono ndiponso kuchepetsa madzi kwa masiku 7 mpaka 10, monga amachitira alimi a fodya ku nazale. Kuwokera kwenikweniko kuchitike madzulo kapena tsiku la mitambo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kuti mbande ikhale ndi usiku wonse wopezera mphamvu dzuwa lisanayambe kuumitsa masamba. Dothi litsinderedwe pang'ono mozungulira tsinde, lithiriridwe nthawi yomweyo, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu mbande zitchingidwe ndi udzu. Feteleza adikire mpaka masamba atsopano ataoneka, chifukwa mchere wake umapweteka mizu yovulala.

Pali ndiwo zina zimene siziyenera kudutsa m'njira imeneyi. Karoti akawokeredwa muzu wake umapindika kapena kuchita mphanda, ndipo nyemba, therere, maungu ndi nkhaka sizipirira kusokonezedwa mizu. Zimenezi zifesedwe pamalo pomwe zidzakololedwe.