Mwagula kamera yatsopano: musathamangire lenzi yaitali

Wachinyamata wa ku Vubwi akasiya kujambulira foni n'kugula kamera yosintha malenzi, maso ake amagwera pa lenzi yaitali ija, yopatsa ulemu ikalendewera pakhosi. Koma ganyu yambiri ya wojambula kuno ndi maukwati, zinkhoswe ndi mapwando a kusukulu, ndipo kumeneko vuto si mtunda. Vuto ndi kuchepa kwa kuwala.

Pa lenzi iliyonse pamalembedwa manambala a mitundu iwiri. Ya mamilimita imanena kukula kwa malo amene lenziyo imaona: 18mm imatenga banja lonse pakhomo la tchalitchi, pamene 200mm imakoka munthu ali kutali, koma imakuzanso kunjenjemera kwa dzanja lanu.

Nambala yofunika kuimvetsa bwino ndi inayo, imene imayamba ndi f. Mkati mwa lenzi muli kabowo kamene kamakula ndi kuchepa ngati mwana wa diso, ndipo nambalayo ikachepa ndiye kuti bowo lakula. Lenzi ya 18-55mm imene kawirikawiri imabwera ndi kamera, mukaifikitsa pa 55mm imangotseguka mpaka f/5.6. Ya 50mm f/1.8, yomwe ili m'gulu la malenzi otsika mtengo, imalowetsa kuwala kuwirikiza pafupifupi ka 10. M'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono chopanda magetsi, kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti nkhope ya mkwatibwi ituluke yakuthwa m'malo mwa chimbuuzi. Dziwani kuti pa kamera za sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) yaing'ono, yotchedwa APS-C, 50mm imaona ngati 75mm kapena 80mm, choncho m'chipinda chopanikiza mudzasowa pobwerera m'mbuyo. Ine ndingasankhe 35mm f/1.8.

Lenzi yaitali ili ndi tsiku lake. Pa Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzaza bwalo kudzalambira Kalonga Gawa Undi, ndipo simungayandikire. Pamenepo 55-200mm kapena 70-300mm imagwira ntchito. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, savina mozengereza, ndiye liwiro la kamera likhale 1/500 ya sekondi kapena kuposa. Ndipo pemphani kaye chilolezo kwa akuluakulu a dambwe. Gule sajambulidwa mwachisawawa.

Fumbi la Ogasiti ndi mdani. Mukamasula lenzi pabwalo, fumbilo limakhala pa sensa, kenako zithunzi zonse zimatuluka ndi timadontho pamalo amodzimodzi, makamaka pa thambo. Sinthani lenzi m'nyumba, kamera itazimitsidwa ndiponso itayang'ana pansi. Kupukuta galasi ndi malaya kumalikanda. Gulani kampira kopemerera mphepo ndi kansalu kake kofewa. Mvula ikayamba mu Novembala, chinyezi chimameretsa nkhungu mkati mwa galasi, ndipo ikakhalitsa imalidya. Sungani malenzi m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Musanalipire, onani pomangira lenzi pa kamera. Mu 2018 Canon inatulutsa pomangira pa RF ndipo Nikon inatulutsa pa Z. Malenzi akale a EF ndi F salowa pa kamera zimenezi popanda adaputa. Popita kukagula ku Chipata kapena ku Lusaka, nyamulani kamerayo mukayesere komweko, chifukwa ulendo wobweza katundu ungadye phindu la ukwati wathunthu. Batire lachiwiri ndi memole khadi yapadera zibwere lenzi yaitali isanabwere, pakuti kumidzi kumene mukajambule potchajira ndi posowa.

Chenjezo lomaliza ndi la maso anu. Lenzi imasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi, ndipo mukaloza dzuwa n'kusuzumira pa kamera ya galasi mkati, ya DSLR, kuwalako kumawotcha mkati mwa diso osamva n'kupweteka komwe, ndipo chilemacho chikhoza kukhala cha moyo wonse. Musaloze dzuwa, ndipo ana musawasiyire kamera padzuwa.