Miyendo ikalemera potsika ndege

Mnyamata amene amakwera zitunda za ku Bowe m'mawa uliwonse osapumira angathe kutsika ndege ku Durban nsapato itamuthina, akatumba atauma gwa. Funso limakhala lomwelo: "Akochi, kodi mphamvu zathera m'njira?" Ntchito yanga ndi yosamala minofu ya othamanga, ndipo ndimawauza kuti mtima m'malo. Mphamvu zimene munthu wasonkhanitsa miyezi yambiri sizitha tsiku limodzi. Chadzaza m'miyendomo ndi madzi.

Magazi satopa kutsikira kumapazi, koma pobwerera kumtima amadalira akatumba. Mukaponda pansi, katumba amafinya mitsempha n'kukankhira magazi m'mwamba. Mukakhala maondo ali chipindire, ntchito imeneyi imaima, ndipo madzi a m'magazi amayamba kulowerera m'minofu yozungulira akakolo. Vulani sokosi muone: pamene panagwira lamba wake pamatsala mzera wolowa m'kati. Onjezanipo mpweya wa m'ndege, wouma komanso wopepuka ngati wa paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400. Munthu amatopa ali chikhalire.

Komatu ndege timainamizira zambiri. Kuchoka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika ku Johannesburg satha maola atatu. Amene ndimawadera nkhawa ndi a pabasi, odzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, amene amakhala pampando kupitirira tsiku lathunthu chikwama chili pamiyendo. Mwayi wawo ndi woti nthawi ya ku South Africa ndi yathu yomweyi. Tereza Master ndi Kefasi Chitsala, amene anathamangira Malawi pa masewera a Olimpiki ku Rio de Janeiro mu 2016, anakapeza wotchi ili m'mbuyo ndi maola asanu, ndipo thupi limafuna pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse kuti tulo tibwerere m'malo mwake.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Pemphani mpando wa kunjira, dzukani pakatha ola limodzi kapena awiri, imani ndi zala mukutsitsa ndi kukweza zidendene. Imwani madzi, mowa udikire. Masokosi othina a kuchipatala amathandiza. Mukafika yendani pang'ono, kenako gonani chagada miyendo itatsamira khoma. Mawa lake thamangani mwapang'onopang'ono, moti n'kumacheza ndi mnzanu. Chimene chimandipweteka mutu ndi wothamanga wamantha amene amafuna kudziyesa ngati akadali bwino, n'kutaya pamsewu wa kuhotela liwiro limene anasungira mpikisano.

Kutopa kwenikweni kumabwera ndi mtsetse. Pa Comrades, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban umene unayamba mu 1921, chaka chimene amathamanga motsikira kunyanja ku Durban ndicho chimaliritsa anthu. Potsika chitunda cha Fields Hill ntchafu zimagwira buleki: mnofu umakokeka uku utanyamula thupi lonse, ndipo timinyewa take timang'ambika. Ululu wake umakula tsiku lachiwiri, munthu n'kumatsika masitepe chafutambuyo. Apa a ku Dowa ndi Ntchisi ali ndi chuma chimene sachiwerengera. Ambiri amalimbana ndi chitunda, potsika n'kumangoyenda. Thamanganinso potsikapo, patatsala masabata angapo kuti munyamuke. Mnofu umene unalawapo mtsetse suvulala kwambiri ulendo wachiwiri.

Pali kutupa kwina kosafunika kudikira. Mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba akutentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha. Bungwe la WHO linanena mu 2007 kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza kawiri munthu akakhala paulendo maola anayi kapena kuposerapo osasuntha. Kwathu timathamangira kuthowa ndi madzi otentha ndi kusisita. Pamenepa ayi, chifukwa magazi oundanawo akasuntha amakatseka m'mapapo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati mwayamba kubanika kapena kumva kubaya pachifuwa, musadikire kuti kuche. Muzikumbukira zimenezi makamaka pobwerera kumudzi, pamene mukukwera basi thupi litauma madzi, minofu ili yovulala.