Kodi Sukulu za Ukachenjede Zikufunikabe?

Masiku ano mnyamata wa pa Muloza amene ali ndi foni yamakono atha kutsatira maphunziro pa intaneti ali pakhonde. Wina amaphunzira kukonza njinga zamoto nayamba kupeza ndalama, mnzake wa digiri akuyendabe ndi makalata ofunsira ntchito. Nchifukwa chake makolo ambiri akufunsa ngati nkoyenerabe kugulitsa mbuzi ndi nandolo kuti mwana apite ku yunivesite.

Funsoli ndi lomveka. Yunivesite ya Malawi itakhazikitsidwa mu 1964, inali yokhayo ya Boma mpaka pamene ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999. Omaliza maphunziro anali owerengeka, ndipo ntchito ndiyo inkawadikira. Lero sukuluzi zachuluka. Ya Katolika inatsegulidwa ku Nguludi mu 2006, ya MUST kwa Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, osanena za mipingo ina ndi za anthu wamba. Koma ntchito sizinachuluke chimodzimodzi.

Komabe tisafulumire kunyoza. Pali nzeru zimene foni singapereke. Dotolo amaphunzira pogwira odwala, aphunzitsi ake akumuyang'anira, ndipo saloledwa kuchiza asanalembetsedwe ku Medical Council of Malawi. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu kuno ku Mulanje mu 2023, panafunika mainjiniya odziwa kuyeza mphamvu ya madzi ndi nthaka. Ngakhale mbeu za tiyi za makono zimene zili m'minda yathu zinachokera pa kafukufuku wa zaka zambiri, monga wa ku Mimosa. Dziko lopanda akatswiri akeake limabwereka alendo, ndipo limawalipira ndalama zambiri.

Cholakwika ndi kuganiza kuti njira ndi imodzi yokha. Bungwe la TEVETA, lomwe linayamba mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga ndi zamagetsi. Amenewanso ndi maphunziro, osati pothawira olephera ayi. Palinso maphunziro apatali, oti munthu amaphunzira ali kwawo akugwira ntchito.

Inu makolo, musanapereke fizi ku koleji iliyonse, funsani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo ndi zovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education. Ndi ufulu wanu kufunsa. Satifiketi ya sukulu yosavomerezeka ndi pepala chabe. Mwana wochokera m'banja losauka akasankhidwa, apemphe ngongole ku bungwe la ngongole za ophunzira limene Boma linakhazikitsa mu 2015. Koma adziwe kuti ndi ngongole. Akapanda kubweza, wamana mng'ono wake.