Sunnyside: khomo la njinga zochokera kumapiri

Paulendo wathu woyendera madera a mzinda wa Blantyre, sabata ino tafika ku Sunnyside. Mukatsika ndi msewu wa Victoria Avenue kuchokera pakati pa tauni n'kuwoloka mtsinje wa Mudi, phokoso la oitanira minibasi limatsala m'mbuyo. Muli kumayadi tsopano: mipanda italiitali, alonda pageti, mitengo yakale yamthunzi, ndi nyumba zambiri zimene zasanduka maofesi, malo odyera ndi ogona alendo. Sukulu ya pulaimale ya St Andrew's ili konkuno, ndipo tchalitchi cha Katolika cha CI chili chapafupi. Koma mayadi si amene atikopa m'derali. Chatikopa ndi msewu wopita ku Chikwawa umene umadutsa m'mbali mwake, ndi njinga zimene zimayenda mumsewumo.

Mbiri ya msewuwu ndi yakale ngati ya mzindawu. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre m'chaka cha 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo kampani ya African Lakes inamanga nyumba ya Mandala mu 1882. Masiku amenewo katundu ankabwera ndi sitima zapamadzi mumtsinje wa Shire mpaka pa Katunga, ku Chikwawa, ndipo kuchoka pamenepo amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka kuno. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ntchito ya doko la Katunga inachepa, koma kukwera chitundacho ndi katundu wolemera sikunathe. Amene akukwera lero ndi anthu a makala.

Kuti muwaone muyenera kulawira. Mbandakucha, magalimoto asanachuluke, amatulukira cha ku Mpemba, n'kudutsa Baluti, Nancholi ndi Manase, ali mumzere, wina pambuyo pa mnzake. Njinga zawo ndi zakapalasa zakale zopanda magiya. Pakaliyala amamangirirapo timitengo kuti pakule, kenako n'kusanjikapo matumba atatu kapena anayi, aliyense atamuwonjezera chisoti cha makala cholukidwa ndi luzi kapena mlaza. Katunduyo amatalika kupitirira mwini wake, moti mukakhala kumbuyo simuona munthu, mumangoona matumba akuyenda. Pachitunda sapalasa. Amatsika, dzanja lina pahandulo, lina kumbuyo, phewa litatsamira thumba, n'kumakankha phazi ndi phazi, nkhope ndi malaya zili bii. Potsetsereka ndiye pamakhala poopsa kwambiri, chifukwa mabuleki wamba sagwira katundu wotere, ndipo ena amachita kuponda tayala ndi nsapato kuti liwiro lichepe. Sipoko imodzi ikaduka, limu limapindika, ulendo wonse n'kuimira pomwepo.

Ambiri amanyamuka usiku, ndipo mbali yaikulu ya ulendo wawo amaiyenda m'misewu yafumbi ndi m'tinjira ta m'midzi ya kwa Somba ndi kupitirira. Amatero pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kumeneko kulibe malole owakankhira m'ngalande. Chachiwiri, kulibe zipata za apolisi ndi a zankhalango. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020, zilango zinakula, ndipo wogwidwa ndi makala opanda chilolezo amatha kulandidwa katundu ndi njinga yomwe. Dandaulo lawo ndi lodziwika kwa aliyense amene anagulapo thumba pakhomo: wogwidwa amakhala wa njinga, pamene wogula, amene mbaula yake ikuyaka madzulo aliwonse, palibe amamufunsa kanthu. Dandauloli lili ndi mutu. Makala amenewa amathera m'makhitchini a ku Ndirande, Zingwangwa ndi Bangwe, komanso m'mayadi a ku Sunnyside momwemo magetsi akazima. Bambo amene wakankha njinga usiku wonse amapeza ndalama yochepa, ya ufa ndi ndiwo, mwina n'kutsalako ya kope la mwana. Mawa lake amabwerera kukatentha uvuni wina, ndipo chaka ndi chaka uvuniwo ukunka kutali chifukwa mitengo yapafupi inatha.

Sitinganene kuti ntchitoyi ilibe mlandu. Mapiri ozungulira mzindawu akuchitira umboni. Ndirande linametedwa kalekale. Soche ndi Mpingwe atsala ndi zigamba za mitengo. Michiru, limene linali nkhalango yotetezedwa yonyaditsa, m'zaka zaposachedwa lagwetsedwa momvetsa chisoni. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo mabanja ambiri anataya abale awo. Koma kulanda njinga za amphawi, anthu a m'tauni asanapeze china chophikira chimene angakwanitse, sikubweza mtengo ngakhale umodzi.

Loweruka ndi Lamlungu m'mawa, misewu yafumbi yomweyi imalandira njinga zamtundu wina. Izi ndi zamagiya, zamatayala okhuthala, eni ake atavala zipewa zoteteza mutu ndi botolo la madzi pafelemu. Amachokera ku Sunnyside, Namiwawa, Mount Pleasant ndi Nyambadwe, ndipo pakati pawo pali azungu, amwenye ndi Amalawi amene adokotala anawauza kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafuna thukuta. M'maiko akunja masewero opalasa m'misewu yamiyala atchuka kwambiri. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mtundu umenewu unachitikira ku Italy mu 2022, ndipo ku Kenya kuli wina wotchedwa Migration Gravel Race umene umakopa alendo ochokera kutali. Chimene anthuwo amalipirira ndege kuti akachipeze, ku Blantyre chili kuseri kwa mpanda.

Wokhala ku Sunnyside safunika kupalasa nthawi yaitali kuti phula lithe. Akalowera ku Chilomoni amafika m'munsi mwa Michiru, kumene kuli Njira ya Mtanda imene Akhristu amakwera popemphera, ndipo misewu ya kumeneko imazungulira phirilo kulowera cha ku Chileka. Akatsata msewu wa Chikwawa n'kupatuka cha ku Mpemba kapena Chadzunda, amalowa m'zitunda ndi m'zigwa za minda ya chimanga ndi nandolo, kumene amakumana ndi ana opita kudambwe, amayi osenza nkhuni ndi mbuzi zogona pakati pa njira. Olimba mtima amafika mpaka pamphepete pa phiri, pamene dziko limatsetsereka kuchoka pa mamita pafupifupi 1,000 kukafika m'chigwa cha Shire, mtsinjewo ukuoneka patali. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale chiperoni chimatha kukuta mapiri ndi nkhungu n'kuterereza dothi. Mu Okutobala fumbi ndi dzuwa zimalanga, ndipo dzinja likafika katondo amamatirira kumatayala mpaka njinga kukana kuyenda. Zikwangwani kulibe. Njira amaidziwa ndi a makala, a kabaza ndi ana asukulu, choncho wopalasa wanzeru amaima, n'kupereka moni, n'kufunsa.

Magulu awiriwa sadyera mbale imodzi, koma vuto lawo ndi limodzi: akangofika pa phula, malo awo palibe. Msewu wa Chikwawa ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo minibasi imaima paliponse pamene yaona munthu. Msewu waukulu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe, matauni amene anaphatikizidwa mu 1956, anaukuza kuti magalimoto aziyenda bwino, koma wa njinga amangodzipanikiza m'mphepete. Tsopano kwabweranso njinga zamoto za kabaza zimene zimatulukira mbali iliyonse. Amene anagonekapo m'bale wake kuchipatala cha Gulupu atagundidwa ali panjinga akudziwa mtengo wa zimenezi. Ife tikuona kuti kamzere kopakidwa penti ndi m'mbali mwa msewu mokonzedwa bwino, kuyambira pa CI mpaka ku Mpemba, zingapulumutse anthu ambiri kuposa zikwangwani zolangiza.

Pali munthu wina amene magulu onsewa amamudalira: wokonza njinga wa pansi pa mtengo. Zida zake ndi pampu, masipanala awiri atatu, guluu, zidutswa za chubu chakale ndi beseni la madzi lofufuzira pamene paboola. Amamiza chubu m'madzimo, n'kuyang'ana pamene patuluke thovu, n'kupala ndi chitsulo, n'kumata chigamba. Njinga ya makala amaidziwa ngati chikhatho chake. Yamagiya imamuvutako chifukwa zipangizo zake sizipezeka m'misika ya m'midzi, koma sabweza munthu. Nawonso achinyamata a ku Manase ndi Nancholi, amene amadziwa kanjira kalikonse, atha kupeza ganyu yoperekeza alendo opalasa ngati malo ogona alendo a ku Sunnyside atawaganizira.